ZA KASANKHIDWE KA LOYA WA KHONSOLO

Awa ndi mawu amene analankhula mmodzi wa mamembala athu, yemwe ndi kalaliki, pa msonkhano wa pachaka ku Mitundu. Komiti inagwirizana kuti alembedwe m'lipoti lino kuti amene sanathe kufika awerenge.



Poyamba ndithokoze komiti pondipatsa danga loti ndiime pamaso pa akuluakulu. Ine sindine loya. Sukulu yanga inathera ku sekondale, ndipo ntchito yanga ndi ya ukalaliki: kulandira makalata, kuwadinda chidindo cha tsiku ndi kuwasunga m'mafailo. Koma pakuti amene amakhala pakhomo ndiye amaona olowa ndi otuluka, ndaonako zinthu zina zimene ndaganiza kuti n'zoyenera kuzitula pa bwalo lino. Ngati ndiphonya penapake, akulu andikonze.

Zaka zingapo zapitazo, ndili wachatsopano pa ntchito, ndinali pa ofesi ina yogwiritsa ntchito ndalama za anthu, imene sinditchula dzina lake. Tsiku lina kunafika mthenga ndi chisamani cha khothi. Mmisiri wina ankadandaula kuti anamanga nyumba koma sanalandire malipiro ake. Ine ndinasainira chisamanicho, ndinachidinda, ndi kuchiika pa tebulo la bwana. Bwanayo anali ku msonkhano kutali, ndipo atabwera anati tiyambe tafunsa kuti loya wathu ndani. Apo m'pamene zinadziwika kuti loya tinalibe. Amene ankatithandiza kale anali atasiya chifukwa sitinkamulipira, ndiponso panalibe pepala lililonse la pangano pakati pa iye ndi ife. Tili m'kati mofunsana, masiku oyankhira anatha, khothi linagamula ife kulibe, ndipo m'mawa wina masherifu anafika natenga galimoto, imene inali imodzi yokha yoyendera kumidzi.

Chimene chimandiwawa kufikira lero ndi ichi: m'failo imene ndinkasunga ine mwini munali malisiti osonyeza kuti gawo lalikulu la ndalamazo linali litalipidwa kale. Ndinadziwa, koma ndinakhala chete poopa kuti mwana sangaphunzitse akulu ntchito. Pambuyo pake anapeza loya mothamanga, wosapikisana ndi wina aliyense, ndipo ndalama zimene zinapita pofuna kuombola galimotoyo zinaposa ngongole yeniyeni imene inatsala. Zengerezu analinda kwawukwawu. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga za m'mene mabungwe a boma amapezera owaimira pa milandu.

1. KHONSOLO NDI MUNTHU PAMASO PA LAMULO

Ife a kuno tili pansi pa Khonsolo ya Boma la Lilongwe, pamene abale athu amene anasamukira ku Kawale, ku Biwi kapena ku Mchesi ali pansi pa Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe, mzinda umene unakhala likulu la dziko lino m'chaka cha 1975. Makhonsolo a maboma anayamba ndi lamulo la 1953, m'nthawi ya atsamunda, koma maziko a makhonsolo a masiku ano ndi Lamulo la Maboma Aang'ono la 1998. Lamulo limeneli limaona khonsolo monga munthu payekha: ikhoza kukhala ndi katundu, ikhoza kupangana mapangano, ikhoza kusumira munthu, ndiponso ikhoza kusumiridwa m'dzina lake.

Tsono munthu ameneyu alibe pakamwa, ndiponso alibe thumba lakelake. Pakamwa pake ndi loya, ndipo thumba lake ndi ife. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Mitundu akadula tikiti, mwini golosale ku Nathenje akalipira laisensi, mlimi wa fodya akadulidwa msonkho umene boma limagawirako makhonsolo, ndalama zimenezo ndizo zimalipira loya, ndipo ndizonso zimalipira chindapusa khonsolo ikagonja. Chifukwa chake funso lakuti loya wa khonsolo ndani, ndipo anasankhidwa bwanji, si la anthu a mataye okha.

2. NTCHITO YA LOYA WA KHONSOLO

Ambiri timaganiza kuti loya ndi munthu wovala mkanjo wakuda amene amakangana ndi mnzake pamaso pa jaji. Imeneyo ndi mbali yochepa chabe. Ntchito yake yaikulu imachitika mlandu usanabadwe. Iye ndiye amalemba bwino malamulo aang'ono a pamsika, a zaukhondo ndi a malo omwera mowa, kuti asasemphane ndi malamulo aakulu a dziko. Iye ndiye amayang'ana pangano la mmisiri amene akumanga midadada ya sukulu kapena mlatho, kuti mmisiriyo akathawa ntchito isanathe khonsolo ikhale ndi pogwira. Iye ndiye amalangiza pa nkhani za malo, zimene zachuluka pamene mzinda ukukulira kuno kudzera msewu wa ku Bunda ndi msewu wa ku Dedza. Amalangizanso pochotsa munthu ntchito, kuti asachotsedwe osamumva mbali yake, pakuti zotere zimathera ku khothi la milandu ya apantchito. Ku mzinda amalondolanso ngongole za msonkho wa nyumba ndi malo, ndi kuyankha anthu akatenga chiletso ku khothi.

Pano ndisiyanitse chinthu chimene chimatisokoneza ife a kufupi ndi nkhalango. Nkhalango ya Dzalanyama, imene inatetezedwa m'chaka cha 1922 ndipo ndiko kumachokera mtsinje wa Lilongwe wodzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, ili m'manja mwa nthambi ya zankhalango ya boma lalikulu. Munthu akagwidwa ndi makala, monga zinachulukira asilikali atatumizidwa kumeneko m'chaka cha 2015, amene amamuzenga mlandu ndi boma, osati khonsolo. Nayo Lilongwe Water Board ndi bungwe lapalokha. Motero tikalandira pepala la khothi tiyambe tawerenga kuti wotisumira ndani.

3. NJIRA ZITATU

Khonsolo ikhoza kupeza womuimira m'njira zitatu.

Yoyamba ndi kulemba loya ntchito, kuti akhale wa pa ofesi ndi kulandira malipiro pa mwezi. Makhonsolo a mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe akhala ndi maloya otere. Maudindo aakulu a m'makhonsolo amadzera ku bungwe la Local Government Service Commission, ndipo mwambo wake ndi kulengeza malo, kulandira makalata ndi kuyesa anthu mafunso. Ubwino wa njira iyi ndi wakuti loyayo amadziwa mafailo onse ndipo amapezeka tsiku lililonse. Vuto lake ndi lakuti malipiro a boma ndi ochepa poyerekeza ndi zimene loya amapeza akatsegula ofesi yake, kotero kuti wodziwa ntchito sachedwa kuchoka.

Yachiwiri ndi kupempha thandizo ku ofesi ya loya wamkulu wa boma, amene gawo 98 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limamutcha mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo. Thandizo limeneli silidya ndalama zambiri, koma ofesiyo imasenza milandu ya maunduna onse, ndipo khonsolo ikasemphana ndi unduna, munthu mmodzi sangalankhulire mbali zonse ziwiri.

Yachitatu ndi kugula ntchito ya kampani ya maloya oima paokha. Apa ndi pamene pali ndalama zambiri, ndipo ndi pamene pafunika maso athu.

M'maiko ena amachita mosiyana. Ku England kale mlembi wamkulu wa tauni kawirikawiri ankakhala loya iye mwini. Ku Los Angeles ndi ku San Francisco, m'dziko la America, loya wa mzinda amasankhidwa ndi anthu pa chisankho, pamene ku New York amasankhidwa ndi meya ndipo makhansala amavomereza. Njira iliyonse ili ndi chilema chake: wosankhidwa ndi anthu amayesedwa kukondweretsa ovota, wosankhidwa ndi meya amayesedwa kukondweretsa meya.

4. M'MENE KHONSOLO IYENERA KUGULIRA NTCHITO YA LOYA

Pamaso pa lamulo, kulemba kampani ya maloya n'chimodzimodzi kugula simenti kapena madesiki, pakuti zonse ndi ndalama za anthu. M'chaka cha 2003 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, ndipo m'chaka cha 2017 linabwera lina m'malo mwake, limene linabala bungwe la PPDA loyang'anira zimenezi. Khonsolo iliyonse imakhala ndi komiti yakeyake ya zogulagula, ndipo bwanamkubwa kapena mkulu wa mzinda sayenera kungoitana mnzake wa kusukulu ndi kumupatsa mafailo.

Ndondomeko yake ili motere. Choyamba, khonsolo ilembe chimene ikufuna: milandu yanji, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndalama zake zili pati m'bajeti. Chachiwiri, ilengeze poyera kapena iitane makampani angapo kuti apikisane. Chachitatu, makampaniwo apereke maenvelopu awiri, ina yofotokoza luso lawo ndi anthu awo, ina yonena mtengo. Oyesa amayamba ndi ya luso, napereka malikisi potsata muyeso umene unalengezedwa kale, ndipo ya mtengo imatsegulidwa pambuyo, kwa okhawo amene akhoza. Nzeru yake ndi yakuti mtengo wotsika usaphimbe maso a oyesa. Chachinayi, komiti ivomereze, zilembedwe m'maminitsi, ndipo pasainidwe pangano. Amene waluza ali ndi ufulu wodandaula. Kusankha kampani imodzi popanda mpikisano kumaloledwa pa zifukwa zowerengeka zokha, ndipo kumafuna chilolezo.

Kuti muone kuti zimenezi si nthano, kumbukirani chaka cha 2020. Khothi litathetsa chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale, bungwe loyendetsa zisankho linapangana ndi maloya a ku South Africa kuti aliimire pa apilo, pa mtengo wa madola 788,500. M'mwezi wa Epulo jaji wamkulu anakana kuwalola kuimira mlandu m'dziko muno, ndipo pambuyo pake ofesi ya Ombudsman itafufuza inapeza kuti njira zoyenera sizinatsatidwe. Ngati bungwe lalikulu lotere, limene dziko lonse linkaliyang'ana, linaterereka pamenepa, nanga khonsolo imene palibe akuiyang'ana?

5. MAFUNSO ANAYI

Makolo athu posankha nkhoswe sankangotola aliyense. Ankafuna munthu wodziwika kumene achokera, wosunga chinsinsi, wosakondera, ndiponso wopezeka ikagwa nkhani pakati pa usiku. Loya ndi nkhoswe ya khonsolo, ndipo mafunso ake ndi omwewo.

Loyamba: kodi ali ndi chilolezo? M'dziko muno munthu amakhala loya akalandiridwa ndi jaji wamkulu, ndipo chaka ndi chaka amayenera kutenga chiphaso chatsopano. Bungwe la Malawi Law Society limatulutsa maina a amene ali ndi ziphaso, ndiponso limalandira madandaulo. Lamulo la ntchito ya uloya la 1965 linalowedwa m'malo ndi latsopano limene linabweretsa sukulu ya Malawi Institute of Legal Education, yokonzekeretsa ofuna kuyamba ntchitoyi.

Lachiwiri: kodi alibe mbali ina? Loya amene akuimira khonsolo m'mawa, madzulo n'kumaimira mmisiri amene akusumira khonsolo yomweyo, sangatumikire onse mokhulupirika. Mapanga awiri avumbwitsa. Chimodzimodzinso, wa m'komiti amene ali pachibale ndi mmodzi wa opikisana ayenera kuulula ndi kutuluka m'chipinda, pakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Lachitatu: kodi malipiro ake alembedwa? Ena amalipidwa ndalama yokhazikika pa mwezi, ena pa maola amene agwira, ena amadulako gawo pa ngongole imene atolera. Njira iliyonse ilembedwe, ndipo bilu ifotokoze ntchito imene yagwiridwa. Bilu ikakula mopitirira, pali njira yoti khothi liiwerengenso. Komanso khonsolo nayo ilipire m'nthawi yake, pakuti monga ndakuuzani, ofesi yathu ija inataya loya chifukwa cha ngongole.

Lachinayi: kodi amapereka lipoti? Pa miyezi itatu iliyonse makhansala ayenera kuona mndandanda wa milandu yonse: wosuma ndani, akufuna zingati, mlandu wafika pati, ndipo loya akuti tipitirize kapena tigwirizane kunja kwa khothi. Mlandu suwola, ndipo umene waiwalika m'kabati umabereka chiwongoladzanja.

6. LOYAYO NDI WA YANI?

Pano pali mfundo imene ndikupempha kuti tiigwiritse. Loya wa khonsolo si wa bwanamkubwa, si wa wapampando wa khonsolo, si wa phungu, ngakhale kuti kuyambira 2010 aphungu anapatsidwa voti m'makhonsolo. Iye ndi wa khonsolo yonse. Tsiku limene mkulu wina afuna kugawa malo a msika mwamseri, loya wabwino ndi amene amati, "Bwana, lamulo silikulola," ngakhale adziwe kuti pangano lake likhoza kutha. Munthu amene analowa ntchito chifukwa cha chibale sangathe kunena mawu amenewo, ndipo ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene kasankhidwe kayenera kukhala koyera.

Mbiri ya dziko lathu ikutiphunzitsa kulemera kwa nkhaniyi. M'chaka cha 1959, atsogoleri a Congress atamangidwa, loya wa ku Britain, Dingle Foot, anadzawaimira pamaso pa komishoni ya Devlin, pakuti maloya achikuda anali osowa. Orton Chirwa, woyamba mwa ife kukhala loya, anali atangolandiridwa ku London m'chaka cha 1958. Koma iye mwini ndi mayi Vera Chirwa, m'chaka cha 1983, anaweruzidwa ku khothi lamakolo kumene loya sankaloledwa, ndipo a Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba m'chaka cha 1992. Ufulu wokhala ndi wokuimira unabwera movutikira. Tisalole kuti usanduke msika wa katangale.

Ndiponso tidziwe kuti loya wa khonsolo si wa inu kapena ine patokha. Khonsolo ikafuna kugwetsa golosale yanu, loya ameneyo ali mbali inayo, ngakhale akulankhuleni mokoma. Wosowa ndalama apite ku Legal Aid Bureau, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti lithandize osauka. Wozunzidwa ndi ofesi ya boma akhoza kudandaula kwa Ombudsman popanda kulipira. Woona ziphuphu akanene ku Anti-Corruption Bureau. Ndipo milandu ya malo a makolo iyambire kwa mafumu athu ndi mabwalo a malo amene lamulo la 2016 linakhazikitsa, tisanathamangire kutauni.

7. CHIMENE IFE TINGACHITE

Kuyambira 2005 kufikira 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo zaka zisanu ndi zinayi zimenezo zinatizoloweza kuganiza kuti za ku khonsolo ndi za eni ake. Koma makhansala anabwerera m'chaka cha 2014, ndipo tinawasankhanso mu 2019 ndi mu 2025. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Malangizo achinsinsi a pakati pa loya ndi khonsolo sangatipatse, ndipo n'zomveka, koma dzina la loya, njira imene anasankhidwira ndi ndalama zimene walandira si chinsinsi cha munthu.

Chifukwa chake, Bambo Wapampando, ndikupereka maganizo atatu kuti msonkhano uno uwaone.

Choyamba, mlembi wathu alembe kalata yaulemu ku khonsolo, kudzera mwa makhansala a madera athu, yofunsa kuti woimira khonsolo pa milandu ndani, anasankhidwa m'njira iti, ndipo ndi ndalama zingati zimene zinapita ku milandu m'chaka chapitachi. Tisafunse ngati oimba mlandu, koma ngati eni nkhokwe ofuna kudziwa chimanga chimene chatsala.

Chachiwiri, tisankhe mamembala awiri, mmodzi wa ku Mitundu ndi wina wa ku Nathenje, bambo ndi mayi, oti azikakhala nawo pa msonkhano wa bajeti ndi kudzatiuza zimene amva. Amene ali m'makomiti a VDC ndi ADC afunsenso kuona pangano la ntchito iliyonse yomanga isanayambe.

Chachitatu, bungwe lathu lomwe lino lidziyang'ane. Tili ndi thumba la maliro ndi la sukulu, ndipo tsiku lina tikhoza kufuna loya. Tilembe lero, mitima ili pansi, kuti tikadzamufuna tidzafunsa mitengo kwa atatu, tidzaona chiphaso, ndipo pangano lidzawerengedwa pamaso pa komiti yonse. Sitingapemphe kwa ena chimene ife eni sitichita.

Potsiriza ndilankhule kwa anzanga a ntchito ngati yanga: makalaliki, amithenga ndi alembi a mafumu. Pepala la khothi likafika m'manja mwanu, lembani tsiku ndi nthawi, liperekeni kwa woyenera tsiku lomwelo, ndipo mawa lake mufunsenso. Ngati m'failo muli kanthu kothandiza, nenani, ngakhale muli wamng'ono. Ine ndinakhala chete tsiku limodzi, ndipo midzi inakhala miyezi yosayenderedwa. Loya wophunzira chotani sangayankhe chisamani chimene sanachione.